Tikufuna kukwera Ilala m'nyumba muno ku Leeds, ndigawireni nzeru

Nambewe_Leeds:

Moni nonse. Funso langa lioneka ngati lachibwana, koma landisowetsa tulo, ndiye mundipirire.

Ndimakhala ku Leeds, ku England, ndi bambo a kunyumba ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 9 ndi mtsikana wa zaka 6. Onse anabadwira konkuno. Wamkuluyo kumudzi anapitako ali kumsana, wamng'onoyo sanapondeko n'komwe. Chaka chatha, mu 2020, tinakonza zoti mu August tonse tipite, akaone agogo awo ku Nkhotakota, komanso akakwere Ilala, sitima ya pa nyanja ya Malawi, monga ndinkakwerera ine ndili kamtsikana popita kwa azakhali ku Likoma. Ndalama tinasonkha, matiketi tinagula. Kenako kunagwa mliri wa COVID-19, zotsatira zake mukuzidziwa nokha. Ndege zinasiya kutera kwathu pa 1 April, bwalo la Kamuzu n'kudzatsegulidwa mu September ana akubwerera kusukulu. Tinati basi, pa Khirisimasi. Khirisimasi tinadyera pano. Lero, mu February 2021, tili mu m'bindikiro wachitatu, sukulu n'zotseka chiyambire January, ndipo Malawi amuika pa mndandanda wa maiko ofiira, amene akuti ndi oopsa pa matendawa. Kuyambira pa 15 February wochokera kumeneko azikatsekeredwa mu hotela masiku 10, kulipira yekha £1,750. Ine ndalama imeneyo ndiitola kuti ndi ntchito yosamalira okalamba?

Mtsikanayu m'mawa uliwonse ndi funso lomwelo, sitima ija tikwera liti. Ndinalakalaka ndikanapanda kumuuza. Sabata yamawa ndi tchuthi cha pakati pa teremu, kuntchito andipatsa masiku opuma, ndiye ndaganiza kuti poti Ilala sitingaitsatire, ibwere yokha m'nyumba muno.

Loweruka lapitali ndinayesako. Ndinasaka makanema a nyanja pa YouTube, ndinaphika nsima ya ufa wa Iwisa ndi tilapia wogula ku msika wa Kirkgate, ndinayala chitenje pabalaza, Zodiak ikulira pa foni. Ana anadya, anaonera pang'ono, mnyamata n'kufunsa mwaulemu ndithu ngati angabwerere ku gemu yake. Sindinamudzudzule. Chimene anaona iye ndi amayi ake akulozaloza pa TV misozi ili lengelenge, iye osadziwa cholilitsa. Nyanja ya pa TV sinyowetsa mapazi.

Ndiye amene munachitapo zoterezi, munatani kuti anthu amvedi kuti achoka pakhomo? Za nsomba nditani? Ndipo wina andikumbutse madoko m'ndondomeko yake. Ine chimene ndimakumbukira ndi hutala, fungo la usipa losakanikirana ndi la dizilo kunsi kuja, ndi amayi atamanga ndalama pa nsonga ya chitenje n'kugonera pomwepo.

Chimwene_wa_ku_Joni:

Achemwali, chibwana palibe apa. Ife andevu zathu tinachita zoposa pamenepo.

M'bindikiro wa kuno ku Joni unayamba pa 27 March chaka chatha, ndipo unali wosaseka nawo. Asilikali m'misewu, mowa ndi fodya zoletsedwa, malo odyera onse otseka. Ine ndine weta mu lesitilanti, ndiye ntchito inathera pomwepo. Tinali anayi m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Mulanje, awiri ife a ku Ntcheu. Anzathu ena anakwera mabasi aja munamva kuti anakatsitsira anthu pa Kamuzu Stadium mu May. Ife ngakhale ya basiyo tinalibe.

Usiku wina wa ku Mangochi uja anangoyamba yekha: "Takwerani, takwerani, ya Blantyre ikunyamuka pa Park Station!" Tinamuseka, koma tinakwera. Lamulo linali lakuti aliyense ayendetse chigawo chake cha msewu ndi pakamwa, osadumpha malo. Woyamba kuchoka Joni, Polokwane, mpaka Musina. Wachiwiri Beitbridge, kuwoloka Limpopo, Masvingo, Harare. Wachitatu Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete kuja, mlatho wa pa Zambezi, Zobue. Womaliza Mwanza mpaka pa Wenela. Ukasokoneza, anzako kukuwa kuti dalaivala waledzera.

Pokoma penipeni panali pa zipata. Wa ku Mulanje ankavala jekete, kukhala pa ndowa pakhomo, ife kufola panja ndi zikwama zathu zenizeni, kuzizira kwa June kuli tswa. Iye osafulumira. Kutsegula tsamba lililonse la pasipoti, kukuyang'ana nkhope, kuyang'ananso chithunzi, kenako n'kuti tsitsani katundu yense. Chidindo chake chinali mbatatesi yodula pakati yopaka polishi wa nsapato, ankadinda pa pepala la m'kope. Pofika pa Mwanza munthu umakhala utapsadi mtima, ndipo wina akati "tafika kwathu" chinachake chimakuyenda m'thupi.

Ndiye inu ana musawapatse nyanja ali khale pa sofa. Alongedze zikwama dzulo lake. Adzuke kukadali mdima. Afole, adikire, tiketi isowe, ipezeke. Njala iwapwetekeko pang'ono asanaone mandasi. Kuno zipata zapamtunda anazitsekanso mu January, koma basi yathuyo sinaimepo, Loweruka lililonse imanyamuka.

Kabaza_wa_25:

Mayi, pepani ndinene mosapsatira. Awa ndi mavuto a anthu okhuta. Kuno ku Malawi boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 mu April chaka chatha, mavenda anakwiya, khoti linauimitsa, chifukwa ine wa kabaza ndikakhala m'nyumba tsiku limodzi ana agona ndi njala. Mwezi wathawu maliro anali otsatizana, nduna ziwiri zinapita tsiku limodzi. Ife nyanja ili pa Salima pompa, koma ana anga sanaionepo. Palibe anatitsekera, thumba ndilo linatseka.

Komabe poti mwafunsa. Mukusakiranji nyanja pa YouTube ngati mulibe abale? Mwati amayi anu ali ku Nkhotakota, azakhali ku Likoma. Sitima yanuyo ikafika pa doko, aimbireni pa WhatsApp akulandireni. Koma muyambe mwatumiza ya bandulo. Vidiyo imadya mayunitsi koopsa, musakaonere nyanja pa thumba la nkhalamba.

Nambewe_Leeds:

A Kabaza, sindikutsutsani, njala sitinaione ife. Koma kuntchito kwanga zipinda zinatsala zopanda anthu mu April muja, ndipo mpaka lero ndikaweruka ndimavulira pakhomo n'kuthamangira kubafa, mwana akubwera ndi manja otambasula ine ndikumukuwira kuti ima pomwepo. Ndikufuna sabata imodzi yoti andione ndikuseka. Za kuimbira abale, mwandipatsa chinthu chimene sindinachiganize n'komwe. Ya bandulo ndatumiza kale pa Mpamba ya mng'ono wanga.

NyaChirwa_NB:

Amama Nambewe, ine ndine wa ku Nkhata Bay, ndili ku Manchester, ndiye ndiyankhe za m'khichini.

Chambo iwalani. Tilapia wa m'mafiriji akunoyu ndi wa m'madamu, kukoma kwake n'kosiyana, ndipo mukamuphika ndi msuzi mungodzikhumudwitsa. Mutumbuleni chakumsana atambasuke, mchere ndi mandimu, mumusiye pa sefa mufiriji usiku wonse kuti khungu liume, m'mawa muwotche pansi pa gilu mpaka m'mphepete mupsereleko. Akatero amayandikirako. Za usipa, pitani m'mashopu a anthu a ku Zimbabwe kapena ku Zambia mufunse kapenta. Ndi wamng'ono komanso wamchere kwambiri, ndiye mumuviike kaye m'madzi ofunda, kenako kukazinga ndi tomato ndi anyezi basi. Fungo lija mukulifunali lidzadza nyumba yonse, aneba akudziwani.

Koma mukafika ku Nkhotakota ndi kwathu ndi nsima ya chimanga, sitima yanu yasochera. Kumeneko ndi kondowole. M'mashopu a anthu a ku Nigeria muli ufa wotchedwa lafun, ndi chinangwa chovikidwa, kuyanika, n'kugaya, monga timachitira ife. Musagule gari, ameneyo ndi wokazinga, satheka. Pophika musayambe ndi phala. Madzi awire bwinobwino, mutapeko ena musunge pambali, muphule poto, ufa muthire wambiri nthawi imodzi n'kuvundula mwamphamvu. Kwathu poto timamuika pansi n'kumupana ndi mapazi. Ikalimba mukuthira madzi otentha aja pang'onopang'ono. Ana muwauze kuti kondowole satafuna.

Usiku muzimitse magetsi onse, muike matochi angapo pansi kutali ndi pomwe mwagona. Ana adziwe kuti amenewo ndi asodzi a usipa, kuti nsomba zimatsata kuwala kwa nyali, ndipo amene amakhala m'bwato la nyali timamuti siginala. Ukakhala pamwamba pa sitima usiku wopanda mwezi, nyali zimenezo zimaoneka ngati tauni yamera pamadzi.

Mphunzitsi_Wopuma:

Mayi Nambewe, ndinaphunzitsako ku Likoma zaka zambiri zapitazo, ndipo Ilala ndiyo inali msewu wathu, sitolo yathu ndi positi ofesi yathu. Masiku anga inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu. Ikadutsa cha ku Salima, Nkhotakota, kenako kudula nyanja kupita ku Likoma ndi Chizumulu, kubwereranso kumtunda ku Nkhata Bay, ndiye Usisya, Ruarwe, mpaka Chilumba Lamulungu. Ikatembenuka, Lachitatu ili ku Monkey Bay.

Chimodzi musalakwitse. M'malo ambiri sitimayi sigunda kumtunda. Ku Monkey Bay, Nkhata Bay ndi Chilumba tinkatsikira pa doko, koma ku Nkhotakota ndi ku Likoma inkaponya nangula patali n'kutsitsa maboti ake. Anthu, matumba a chimanga, malata, makreti, nkhuku, zonse m'boti, ndipo boti likafika posaya umadumphira m'madzi nsapato zili m'manja, katundu pamutu. Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto, tsiku la sitima mudzi wonse umakhala pagombe. Ndiye konzani boti, konzani madzi oti ana apondemo.

Mnyamata wanuyo mumuuze kuti sitimayi ndi mnansi wake. Inapangidwa ku Scotland, pa mtsinje wa Clyde ku Glasgow, ndi kampani ya Yarrow mu 1949. Inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira, pa njanji mpaka ku Chipoka, n'kuilumikiza kunyanja konko, kuyamba ntchito mu 1951. Ilala yoyamba, ya amishoni a mu 1875, anthu anaisenza pamutu m'zidutswa kulambalala mathithi a Shire. Mwana wa zaka 9 musamupatse sitima yomanga kale. Mupatseni makatoni, asenze kuchokera pakhomo, amange yekha.

Ndipo asayambire pamwamba. Akwere ya pansi kaye pamodzi ndi matumba, monga tinkakwerera aphunzitsi mwezi ukakhala pakati.

Nambewe_Leeds:

Tabwerako! Ndithokoze nonse, ndipo ndifotokoze mmene tayendera.

Lachinayi tsiku lonse kunali kumanga. Makatoni tinawaunjika pakhomo lolowera, ndiye ku Beira kumeneko, mnyamata n'kumasenza pamutu kupita nawo pabalaza. Anamanga mozungulira thebulo lodyera. Kunsi kwa thebulo kunali kwa anthu wamba, ndinaponyamo thumba la mpunga, la ufa, ndi mapilo. Sofa inali ya pamwamba, yolipira zambiri. Chumuni anapanga ndi ndowa ya zinyalala. Anafunsa kutalika kwa sitima yeniyeni, tinafufuza n'kupeza kuti ndi mamita oposa 50, iye n'kukayeza ndi mapazi m'khonde la panja kuti aone nyumba zingati za mu mzere wathu zingakwanemo. Gemu sanaitchule tsiku limenelo.

Lachisanu ndinawadzutsa kukadali mdima. Bambo awo anatenga udindo wa a Joni uja wa ku Mulanje, ndipo anaukonda mopitirira. Anakhala pa sitepe yoyamba ndi kope, chipewa chili pamutu, kumafunsa ana dzina la mfumu ya kwawo. Tiketi ya mtsikana "inasowa", anaipeza m'sokosi mwake atatsala pang'ono kulira. Hutala inali botolo lopanda kanthu, bambo akuuzira kukamwa kwake. Kenako tinakhala kunsi kwa thebulo, kudikira. Mnyamata anafunsa kuti tinyamuka liti, ine ndinati akukweza simenti. Anafunsanso, ndinati akudikira mbuzi ya munthu wina. Mandasi anatuluka m'chikwama njala itawagwira ndithu, ndipo sindinawaonepo akudya mandasi anga chonchija.

Ku Nkhotakota tinafika masana. Boti inali basiketi ya zovala, bambo akukoka ndi lamba kudutsa m'kolido, mmodzimmodzi. Pakhomo la khichini ndinaika beseni la madzi ofunda, mwana kutsika m'basiketi, kupondamo, nsapato m'manja, chikwama pamutu. Atangodutsa madziwo foni inalira, monga tinapanganirana ndi mng'ono wanga. Amayi anali atakhala pamkeka pansi pa mango, atavala chitenje chawo cha ku Mvano. Ine ndinkaopa kuti anena kuti ndapenga. Iwo osaseka n'komwe: "Mwayenda bwanji alendo? Nyanja inali bwanji, sikunawinduke?" Ana anagwada pa matailosi, mapazi akudontha, kuyankha Chichewa chawo chothyokathyoka chija. Amayi n'kuloza mnyamata: "Amuna anga awa afika chimanjamanja? Shuga wanga ali kuti?" Mwana anatembenuka kundiyang'ana maso ali tong'o, ndinachita kumufotokozera kuti agogo amatero ndi mdzukulu wamwamuna. Anathamanga kukatenga paketi ya shuga m'kabati n'kuionetsa pa foni. Amayi anati aikeni apo, ndidzatenga. Kenako mng'ono wanga anayenda ndi foni mpaka kugombe, mvula itangokata, mabwato ali chafufumimba pamchenga, ana ena akusambira n'kumakuwa kuti awajambule. Mtsikana wanga anafunsa mayina awo mmodzimmodzi. Mpaka lero akufunsa za mmodzi amene anali ndi bala pabondo, ngati lapola.

Izi ndi zimene makanema aja analibe, a Kabaza. Munalibe wowafunsa anawa kuti mwayenda bwanji.

Kondowole inatheka, amama NyaChirwa, poto ndinamupana ndi mapazi pansi m'khichini, ana akuseka. Mtsikana anameza bwinobwino. Mnyamata anatafuna, inamukakamira m'mano, anapempha mpunga. Kapenta anatha yense. Tilapia ndinachita monga munanenera, anayandikiradi, ngakhale bambo akuti ndisamanamize ana kuti chambo amakoma choncho.

Usiku tinagona m'sitima tonse, hita titazimitsa dala kuti kamphepo kamveke, matochi ali m'kolido. Msana wanga ukundiuzabe. Loweruka m'mawa tinafika ku Likoma, kumene kunali kubafa, poti ndi chilumba. Azakhali maso anafooka, ndiye mdzukulu wawo ndiye anatitenga pa foni. Anationetsa milambe, n'kutilowetsa m'bwalo la tchalitchi cha St Peter's chija amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Mnyamata wanga anakana kuti chili ku Malawi, akuti chikufanana ndi matchalitchi a kuno. Kenako anamuonetsa mapiri kutsidya kwa madzi, kumuuza kuti kumeneko ndi ku Mozambique, kuti chilumbachi ndi cha Malawi koma madzi ochizungulira ndi a eni ake. Netiweki inaduka pomwepo, ndipo mkangano wa mmene zimenezo zimathekera unatha ola lathunthu pa mapu, ine ndi bambo titasiyana maganizo.

Ku Chizumulu tinangodutsa, ana anali atatopa. Ku Nkhata Bay, m'chipinda chawo, anatilandira mnzanga wa ku sekondale amene amagulitsa nsomba pamsika, n'kutionetsa batala ndi kampango ali pa thebulo. Pomwepo ulendo unathera, chifukwa Lamulungu usiku ndinali pa ntchito.

Sitima sitinaiphwasule, tikudyera pa maondo. Ana akuti pa Isitala tipitirize mpaka ku Chilumba, ndipo vuto langa ndi limeneli: kumpoto kwa Nkhata Bay ndilibe m'bale ngakhale mmodzi, bambo a kunyumba ndi a ku Thyolo. Alipo amene ali ndi munthu ku Usisya kapena ku Chilumba woti angalandire alendo awiri pa foni kwa mphindi zochepa?

NyaChirwa_NB:

Ku Usisya kuli asisi anga aakulu, ndiwauza. Koma akakulandirani mu Chitonga ndi Chitumbuka, ana ayambiretu kuphunzira moni.

Kabaza_wa_25:

Mlamu wanga amaphunzitsa pafupi ndi jeti ya Chilumba. Ndamuimbira, wavomera, akuti adzaitananso ana a m'kalasi mwake. Nanga pa sitima yanuyo malo a anthu ena awiri alipo? Anga aja amva nkhaniyi, akuti nawonso akwera, akwerere pa Salima. Ya bandulo yawo ndilipira ndekha.